Chikhadi cha pakhosi

Mayi a landilodi anandiona ndikutuluka m'nyumba Lachisanu m'mawa, chikhadi chili lende pachifuwa, chingwe chake chonyezimira ngati cha anthu a ku Capital Hill. Anaimika tsache.

"Achimwene, zayenda eti? Ntchito ija mwaipeza?"

"Ayi mayi, n'zongodzipereka izi. Ndine volontiya."

"Eya, ndamva. Ndiye volontiyayo akumalandira zingati?"

"Salandira kanthu."

Anandiyang'ana monga mmene kholo limayang'anira mwana amene akukana kuti sanabe shuga, kukamwa kuli mbuu. Kenaka anapitiriza kusesa. "Bisani, bisani. Koma tsiku la lendi silibisika."

Munali mu Disembala 2022, ndipo Lilongwe anali atalandira alendo. Masewera a achinyamata a Region 5 ankachitika kuyambira pa 2 mpaka pa 11, mayiko khumi: Angola, Botswana, Eswatini, Lesotho, Mozambique, Namibia, South Africa, Zambia, Zimbabwe ndi eni mudzi ife. Mnzanga wina amene ali ndi tsamba la zamasewera pa Facebook ankafuna munthu woti azikhala kubwalo n'kumaponya zimene zikuchitika. Malipiro ake anali chikhadi chija, sikipa imodzi, ndi mawu okoma akuti zidzandithandiza pa CV. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinaiwala kuti ndimakhala mumzinda umene anthu a ofesi imodzi amanyamukira limodzi ku City Centre kukakambirana ku Mponela nkhani yoti akanaithera pakhonde, n'cholinga choti mtunda ubereke alawansi. Mumzinda wotere, munthu akati akugwira ntchito yaulere, anthu amangodziwa kuti ndalama yake ndi yochuluka moti singatchulidwe.

Kondakitala wa minibasi ya kwathu ku Area 25 ataona chikhadicho anatsitsa mnyamata wasukulu pampando wakutsogolo. "Bwana akhale apa." Ndinakhala, mtima ukusefukira. Potsika ndinatambasula dzanja kufuna chenji.

"Aaa, bigi! Anthu ovala mabaji ngati inu n'kumafunsanso chenji?"

Minibasi inalilima, ine dzanja lili m'malere.

Foni inali itayamba kale kulira. Alamu anga ankafuna mpando wapamthunzi, kumene kumakhala akuluakulu, ndipo anati abwera ndi anzawo atatu okha basi. Msuweni wanga, amene anasiya kundiyankha chibwerekereni ndalama zanga, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ndife magazi amodzi, ndipo ankapempha nambala ya mtsikana aliyense wa ku Eswatini, ngakhale wankhonya. Azakhali a ku Kawale ndiye anafika pachimake: "Mwana wanga, ukakaonana ndi a nduna uwauze za mng'ono wako. MSCE ali nayo, ulemu ali nawo." Ndinayesa kufotokoza kuti nduna ndidzaiona ngati mmene iwo amauonera mwezi. Anati ndayamba kunyada.

Bwalo la Bingu, kwa amene sanalowemo, ndi dzenje lalikulu lokongola ku Area 48, lomangidwa ndi Matchaina, lotsegulidwa mu 2017, lonyamula anthu oposa 40,000. Pali kanjira kofiira kothamangiramo kozungulira kapinga, ndipo m'mbali mwa kanjirako ndi mmene utolankhani wanga unayambira ndi kuthera tsiku limodzi. Liwiro la mamita 100 limatha masekondi 12 asanakwane. Mfuti italira ndinatulutsa foni. Foni inafuna chala. Chala chinali ndi thukuta, foni inachikana. Inafuna manambala achinsinsi. Ndinaphonya kamodzi. Mmene kamera imatseguka n'kuti anyamata aja akukumbatirana kutsidya uko, wina atagona chagada akupuma wefuwefu.

Ndinatembenukira kwa bambo wogulitsa mtedza amene anaona zonse ali phee, beseni lili pamutu.

"Madala, wawina ndani?"

"Wamtali uja."

"Wa dziko liti?"

"Aaa, zimenezo mukudziwa ndinu a mabaji."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ukayang'ana masewero sulemba, ukamalemba suona. Masiku onse khumi ndinakhala pafupi ndi masewero kuposa munthu aliyense wa ku 25, koma amene anaonera bwino anali wamtedza uja.

Ndinaphunzira msanga kuti otsatira tsamba sankafuna zimene ine ndinkaganiza kuti akufuna. Ndikakhala pansi n'kulemba bwinobwino zotsatira, mayina a ochita masewera nditawakopera chilembo ndi chilembo, malayiki ankabwera 9, awiri mwa iwo anga ndi a mwini tsamba. Tsiku lina mwangozi ndinajambula mkulu wina pamasitandi akulimbana ndi bango, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono, maso atatsinzina ngati ali m'pemphero. Chithunzi chimenecho chinayenda mpaka ku Joni.

Ndiye anthu ataona kuti wachikhadi akujambula, masewero anasamuka pabwalo n'kukwera kumasitandi. Mayi wina wawigi yofika m'chiuno anandikola dzanja: "Achimwene, tijambuleni ifenso, tabwera kudzasapota ana." Ndinajambula. Anaona. "Ayi, mimba ikuoneka." Ndinajambulanso. "Apa ndaphethira." Kachitatu dzuwa linawadetsa. Kachinayi kumbuyo kwawo kunadutsa munthu wosavala bwino. Pofika kachisanu ana amene anabwera kudzawasapota anali atamaliza kuthamanga, atalandira mamendulo, akusintha nsapato. Bambo wina wasuti, m'dzuwa la Disembala, anandiuza kuti pansi pa chithunzi chake ndilembe kuti mkulu wa bizinesi.

"Bizinesi yanji, bwana?"

"Zosiyanasiyana."

Komabe si onse amakonda kamera. Pali mtundu wina wa anthu umene ukangoloza foni umaphimba nkhope ndi nyuzipepala, ndipo ndinadziwa chifukwa chake mochedwa. Ndinaponya chithunzi cha khamu likuimba, mbendera zili petupetu. Pangodya yake, kakang'ono ngati njere ya mpunga, panali bambo wajekete la khaki, ndi mayi wina atatsamira paphewa lawo. Ndemanga yachitatu inati: "Kodi awo si aja atsanzika ku ofesi kuti ali ku maliro ku Dedza?" Yachinayi inati: "Ndipo amenewo si mayi akunyumba." Yachisanu inangotchula dzina la munthu, kumuitana kuti adzaone.

Usiku foni inalira. "Achimwene, ndine uja wa khaki. Tithandizane ngati amuna."

Ndinafufuta msangamsanga. Koma chithunzi chikangolowa m'gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi, ngakhale mwini Facebook sangachitulutsemo.

Za ndemanga ndiye ndingachezere usiku wonse. Pali aja ongolengeza kumene ali, ngati kalembera: tikutsatira kuchokera ku Cape Town, tili limodzi kuno ku Leeds. Pali aja olemba mawu amodzi, "Link", ngati kuti ine ndili ndi kanema wanga m'thumba. Ndinapita ku Kamuzu Institute kukaona osambira padziwe latsopano, ndinalemba zimene ndinaona, ndipo munthu woyamba kuyankha anati akanangotenga anyamata opalasa bwato ku Nkhotakota golide yense akanatsala konkuno. Wachiwiri anati adimini ndi wa Noma, zikuonekeratu pa kalembedwe. Wachitatu anati ayi ndi wa Maule. Nkhani inali ya kusambira, koma pofika madzulo panali ndemanga zoposa zana za Bullets ndi Wanderers, ena akukumba zigoli za nthawi imene ine ndinali ndisanabadwe. M'dziko muno ngakhale utalengeza maliro a nkhuku, wina adzafunsa kuti inali ya timu iti.

Kuwonjezera apo, masabata omwewo ku Qatar kunali World Cup. Pa 6 Disembala Morocco inatulutsa Spain pa mapenate, pa 10 inagwetsa Portugal 1-0, ndipo tsamba lathu linagawanika pakati. Ena ankati Africa ndi imodzi. Ena anali asanakhululuke za mpira wa Flames ndi Morocco yomweyo pa 25 Januwale ku Yaoundé, pamene Gabadinho Mhango anaponya mzinga kuchokera kutali dziko lonse n'kuima, kenaka Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu, Achraf Hakimi n'kumaliza ndi firikiki, 2-1. Ndiye poti mutu umene unaliza Portugal unali wa En-Nesyri yemweyo, katswiri wina wa m'ndemanga anatulukira masamu: Flames ndi Portugal n'chimodzimodzi, kungoti ife tinagoletsako. Zonsezi zinalembedwa pansi pa chithunzi cha atsikana a netibo akutenthetsa thupi.

Mdani wamkulu komabe anali batire. Chaka chimenecho magetsi anali mlendo, kuyambira pamene namondwe Ana anawononga ku Kapichira mu Januwale, ndipo foni inkafika kubwalo ili kale ndi njala. Kumene kumakhala atolankhani kunali masoketi owerengeka, ndipo kumeneko ndinaona kuti zikhadi nazo zili ndi mafumu ndi anyakwawa. Wa kanema amayang'anira pansi wa wailesi, wa wailesi amayang'anira pansi wa nyuzipepala, ndipo onse pamodzi amagwirizana pa ine.

"Mwachokera nyumba iti, achimwene?"

"Facebook."

"Ooo." Ooo wake wautali, wofanana ndi wa apongozi akamva kuti mkamwini amagwira maganyu.

Nditapeza soketi ndinalumikiza foni n'kupita kukasamba m'manja. Pobwera ndinapeza foni yanga ili pambali, yozulidwa, ndipo pamalo pake mkulu wina akutchaja tochi yakunyumba. Anandiuza mwaulemu kuti kwawo magetsi anazima dzulo. Sindinatsutse. Kwathunso anazima dzulo.

Tsiku limodzi lokha ndi limene ndinadzimva kuti ndine mtolankhani wa mayiko. Ndinatsimikiza zocheza ndi mmodzi wa akuluakulu operekeza ana a ku Mozambique. Usiku wonse ndinaloweza Chipwitikizi pa intaneti mpaka bandulo inatha. M'mawa ndinamupeza atakhala pamthunzi, ndinakonza kolala, chikhadi ndinachitembenuza kuti chioneke bwino.

"Bom dia, senhor," ndinatero, lilime likupindika ngati lamba.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Tadzuka, achimwene, kaya inu? Musadzivute. Kwathu ndi ku Angónia, kuseri kwa Dedza komweku. Kodi nsima ya kondowole ndingaipeze kuti muno?"

Tinacheza za mtengo wa feteleza ndi za mbatata ya kachewere ku Lizulu. Za masewero tinaiwala.

Lamlungu lomaliza ndinabwerera kunyumba nkhope itapsa ndi dzuwa, sikipa itatuwa, m'thumba muli ngongole ya mabandulo ndi ya kabaza. Alamu anga anali atandidikira pakhonde, osati kudzandipepesa, koma kudzabwereka chikhadi. Anati masewero atha inde, koma alonda a pageti sawerenga madeti, ndipo chaka chamawa kuli mpira wa Bullets ndi Silver. Ndinawauza kuti pachikhadipo pali chithunzi changa. Anati pachithunzi anthu akuda timafanana.

Mayi a landilodi anadikira kuti alamu achoke. Anabwera akupukuta manja pachitenje, nkhope ili mwee.

"Takuonani, achimwene, mwatchuka. Mwana wanga wandionetsa pafoni. Ndiye ndimati ndikuuzeni nthawi ilipo, kuyambira Januwale lendi ikwera pang'ono."

"Mayi, ndinakuuzani kale. Sindinalandire ngakhale tambala."

"Masiku khumi?"

"Khumi."

"Kuchoka m'mawa, kubwera usiku, thiransipoti yanu, chakudya chanu?"

"Zanga zonse."

Anakhala chete kanthawi, akundiyeza ndi maso. Kenaka anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Achimwene, apa pali ziwiri. Mwina ndinu abodza, mwina ndinu opusa. Ine poti ndimakulemekezani, ndasankha kuti ndinu abodza."