Akawalala a mtima wabwino

Ku Misisi kawalala sitichita kumuwerenga m'buku. Munthu mmodzi akangokuwa kuti "Kawalala!" komboni yonse imadzuka, wina ndi mpini, wina ndi mthiko, wina ndi chibenthu cha njerwa, ndipo ena amathamanga nawo osadziwa n'komwe amene akuthamangitsidwa. Wogwidwayo amapemphera kuti apolisi afike msanga. Katundu amene amavutikirayo ndiye womvetsa chisoni. Kawalala wa kwathu amaba buluku lonyowa pachingwe, foni yosweka galasi, chigubu chimene mwasiya pamzere wa madzi. Chaka china anatibera mbaula malasha ali psuu, poto wa nyemba ali pomwepo. Mpaka lero munthu ameneyo ndimam'patsa ulemu, chifukwa kuthawa ndi mbaula yamoto m'matope a mwezi wa February si ntchito ya munthu wamba.

Ndiye mudabwa kumva kuti ine, amene ndimagona njinga nditaimangirira kumwendo wa bedi, ndinatenga akawalala asanu ndi atatu pamodzi ndi bwana wawo n'kuwalowetsa m'nyumba ndi manja anga. Anabwera m'thumba la shati, ali m'kafulashi. M'tauni muli anyamata amene ntchito yawo ndi kuthira mafilimu m'mafulashi ndi m'mafoni, ndipo mmodzi wa iwo anandiuza kuti, "Mudala, ngati simunaonere Money Heist ndiye kuti TV ija munagulira fumbi." Seweroli ndi la ku Spain, kwawoko amalitcha La casa de papel. Linayamba mu 2017 pa kanema wa Antena 3, kenako Netflix inalitenga n'kulifalitsa dziko lonse mpaka linatha mu December 2021. Ine Netflix ndimangoimvera kwa anzanga, mabandulo ake angadye lendi ya mwezi. Choncho sewero la akuba linandipeza kudzera njira imene eni ake sanaidalitse, ndipo mnyamata uja risiti sapereka. Tisakhalitsepo pamenepo.

Nkhani yake ndi ya mkulu wina wa magalasi, wolankhula motsitsa mawu, amene amamutcha Professor. Iyeyu amasonkhanitsa akuba n'kuwapatsa mayina a mizinda: Tokyo, Berlin, Nairobi, Rio, Denver, Moscow, Helsinki ndi Oslo. Amavala maovolo ofiira ndi zigoba za nkhope ya Salvador Dalí, n'kukalowa m'nyumba imene dziko la Spain limasindikiziramo ndalama ku Madrid. Amadzitsekera momwemo ndi anthu 67 amene awagwira, kuti asindikize mayuro 2.4 biliyoni. Mfundo ya Professor ndi yoti sakubera aliyense, poti ndalama yosasindikizidwa ilibe mwini. Pambuyo pake, pokalowa m'banki yaikulu ya dzikolo kukatenga golide, amamwaza mayuro 140 miliyoni kuchokera m'mwamba, anthu a mu Madrid n'kumatola mumsewu. Nditaona pamenepo ndinaimirira n'kuomba m'manja. Kuno chimene chimagwa kuchokera kumwamba ndi mvula basi, ndipo imatitsatira mpaka pansi pa bedi.

Ku America seweroli analiika m'gulu la zoonera akuluakulu okhaokha, ndipo m'pomveka: muli mfuti, magazi, kutukwana ndi kupsompsonana kosaona nthawi. Amene ali ndi DStv amadziwa timanambala tija timatuluka pakona, 13, 16 kapena 18, touza makolo kuti ana achoke. Amene anapanga timanambalato ali ndi zitseko. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri. China n'chathu ine ndi amake ana; chinacho masana ndi pabalaza, madzulo ndi khitchini, usiku n'chogona ana anayi. Kuuza mwana kuti "pita ukagone" n'kumuuza kuti ayale mphasa pansi pa TV penipeni, pamalo pooneka bwino kuposa pampando wangawu.

Ndinali ndi njira yanga. Mwamuna ndi mkazi akangoyamba kuyang'anana nthawi yaitali, ndinkatsokomola n'kutuma wamkulu kukatunga madzi, wachiwiri kukaona ngati mbaula yazima, ang'onoang'ono awiri kukandifunira nsapato zimene ndinali nditavala. Koma anthu a ku Spain sachedwa kuyang'anana. Pofika pakati pa sewero zigubu zonse zinali zitadzaza, mbaula inali itaonedwa mokwanira, ndipo wotsiriza anayamba kumatsokomola ine ndisanayambe, kundithandiza ntchito. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankatithandizako kulera ana, poti ankathima pafupifupi tsiku lonse. Koma akabwera pakati pa usiku nyumba yonse inkadzuka, wina kutchaja foni, wina kusita, ine n'kubaya fulashi.

Tsiku lina mwana wanga wamkazi wa giredi 6, amene salankhula kawirikawiri, anafunsa.

"Adadi, awa si akawalala?"

"Ndi akawalala, koma abwino."

"Nanga uja anam'menya pamsika uja?"

"Uja anabera wosauka mnzake. Awa amabera olemera n'kupatsa osauka."

Ndinawonjezapo za Robin Hood wa ku England, amene amati ankachita zomwezo m'nkhalango ya Sherwood, kuti ana adziwe kuti bambo awo kusukulu anapondako. Mwanayo anangogwedeza mutu. Kenako anafunsa ngati Bank of Zambia, ija ili pa Cairo Road, ili ndi makina osindikizira. Ndinamuuza kuti ndalama zathu zapepala amakasindikiza kunja, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Ndinati mumtima, mwana uyu amakonda dziko lake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Shuga anayamba kutha msanga. Mazira amene ndawerenga madzulo ankapezeka atachepa m'mawa, saladi m'botolo n'kumatsika popanda wokazinga kanthu, ndipo pamela wa ufa anasowa ndi pepala lake lomwe. Ndinayamba ndi makoswe, kenako ndinakayikira mlamu wanga, amene amatikumbuka nthawi ya nsima yokhayokha. Ndinasankha amake ana kukhala wofufuza wamkulu wa mlanduwu, iwo n'kuvomera ndi nkhope ya boma.

Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi, agogo ena a kuseri kwathu, amene amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu n'kumalera adzukulu atatu, anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Atate, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo. Shuga uja tamwera tiyi sabata yonse. Mazira aja ndiye musanene." Anthu akumva. Ine ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti si kanthu amama, tonse ndife a Mulungu. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana ndi maso atsopano, ndipo sabata yotsatira ndinamva dzina langa m'komiti ya zachifundo.

Gulu la akubawo ndinalipeza kuseri kwa chimbudzi lili pamsonkhano, ana anga ndi a maneba, aliyense ndi chigoba cha katoni chojambulidwa ndevu zoloza kumwamba. Mayina a mizinda yakutali anawakana, anagawana makomboni. Panali Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere. Kamwana kena kankalira chifukwa anakapatsa George, ati dzina limenelo siliopseza aliyense. Kutsogolo, atavala magalasi anga akale otsala mafelemu okhaokha, kunali Professor: mwana wanga wa giredi 6 uja. Kumapeto kwa kope lake la masamu, phunziro limene aphunzitsi amati silikumulowa, kunali mapu a nyumba yanga, nthawi imene ndimapita kukasamba, kutalika kwa nyimbo imene ndimaimba kumeneko, ndi mazira ogawidwa bwinobwino pa mabanja atatu popanda lotsala.

"Mukubera ine chifukwa chiyani?"

"Munati olemera, adadi."

"Ine ndine wolemera?"

"Tinayenda layini yonse. TV ili kwathu ndi kwa alandilodi basi. Tilinso ndi firiji."

"Firiji ija sigwira ntchito! Timasungamo mabuku ndi nsapato!"

"Agogo alibe ngakhale yosagwira ntchito."

"Nanga bwanji osayamba ndi alandilodiwo?"

"Kuli galu, adadi."

Apa ndiye pagona nkhani, makolo anzanga. Tonse timaopa mfuti ndi kupsompsonana, koma mwana wa ku Misisi mfuti aipeza kuti, ndipo zinazo adzazimva ndithu, TV ilipo kapena palibe, makoma athu mukuwadziwa kupyapyala kwake. Choopsa ndi kaphunzitso kaja koti kubera wolemera si kuba. Ku Madrid n'kosavuta, chifukwa wolemera ndi chinyumba cha zipilala chokhala ndi asilikali pakhomo. Kuno kulemera n'kwa makwerero. Wa njinga ndi wolemera kwa woyenda pansi, wa kantemba ndi wolemera kwa wa njinga, ndipo wodya kawiri ndi Bank of Zambia kwa wodya kamodzi. Aliyense woombera m'manja Professor amadziwerengera m'gulu la otola ndalama mumsewu. Palibe amene amaganiza kuti banki ndi iyeyo.

Nkhaniyi ndinakaitula pansolo, osatchula kuti zachitika kwa yani. Mkulu wina wa Reformed anati zonsezi n'chifukwa choiwala kuti a Frederick Chiluba analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema la IBA, limene mu 2019 linalamula kuti pulogalamu ya Lusaka Hustle iimitsidwe pa kanema wa Zambezi Magic, liletsenso zimenezi. Wina anamufunsa kuti IBA ilowa bwanji m'thumba la shati ya munthu. Mkuluyo anati basi ana aphunzitsidwe lamulo lachisanu ndi chitatu. Mkatolika amene ankasewera naye anati loletsa kuba ndi lachisanu ndi chiwiri. Onse awiri ankalondola, poti matchalitchi awo amawerenga malamulo khumi aja mosiyana, koma anakangana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, ndipo ali mkati motero wina anasuntha miyala iwiri pansolopo mwakachetechete.

Mdala wina wa ku Katete, amene anali chete nthawi yonseyi, anati tisanamizire azungu, ife tinakulira Kalulu. Nyama zonse zinakumba chitsime m'chilala, Kalulu anakana kukumba, n'kumabwera kudzatunga atapusitsa alonda ndi uchi n'kuwamanga. Ndani wa ife, anatero mdalayo, ankamvera chisoni alonda aja? Tonse tinali mbali ya Kalulu, ndipo agogo athu sanaikepo nambala 16 pakona ya moto. Zoona zimenezo. Koma ine ndikuti Kalulu ndi wabwinoko. Kalulu amaba n'kumwa yekha, ndipo mwana amaseka akudziwa kuti uyu ndi mambala. Sanatengepo chikho cha madzi akuba kupita nacho kwa nkhalamba kuti akamuthokoze pakhomo la tchalitchi. Mwana woba shuga kuti anyambite ungam'kalipire mtima uli m'malo. Nanga woba shuga kuti apatse agogo olera ana amasiye, uyamba ndi mawu ati? Ine ndinayesa. Ndinafika pa "mwana iwe" n'kukhala pansi.

Amene anaonera mpaka kumapeto akudziwa kuti banki ya Spain inabwezeredwa zitsulo za mkuwa wosakaniza zokutidwa ndi golide, golide weniweni atapita, ndipo boma linakhala chete poopa kuti chuma cha dziko chingagwe anthu akadziwa. Ndinauza ana kuti pamenepo olemba anawonjeza bodza, palibe munthu wamkulu angapusitsidwe choncho. Ndinali nditaiwala za August 2023, pamene ndege yochokera ku Cairo inagwidwa pa bwalo la Kenneth Kaunda ili ndi madola pafupifupi 5.7 miliyoni, mfuti, ndi makilogalamu 127 a zimene aliyense ankati ndi golide, mpaka nduna ya migodi, a Paul Kabuswe, inalengeza kuti akatswiri apezamo mkuwa, zinki, nikelo ndi tini.

Kuseri kwa wadiropu ndili ndi chitini cha mkaka choboola pamwamba, moponya za nkhuku ya Khirisimasi. Chibwerereni ndalama zachitsulo za K2 ndi K5 mu 2025 chinayamba kulemera msanga, ndipo madzulo alionse ndinkachinyamula n'kuchigwedeza, chili kulira bwino. Pochoka pamsonkhano wa kuseri kwa chimbudzi uja mtima unandigunda, ndinatenga mpeni n'kuchitsegula. Munali zitsekerero za mabotolo zosalazidwa bwinobwino ndi mwala, mawashala a njinga yanga yomwe, ndi K1 imodzi pamwamba, ndiyesa ya ulemu.

Ndinaitana wofufuza wamkulu. "Amake ana, mlandu uja uli pati?"

Iwo anangopitiriza kusankha kapenta. Pamenepo m'pamene ndinakumbuka kuti m'sewero lija wapolisi amene ankasaka Professor, Raquel Murillo, anatsirizira kulowa gulu lomwelo n'kupatsidwa dzina loti Lisbon.

"Kodi munkadziwa?"

"Atate ake ana, chitini chimenecho chaka chatha chinagula nkhuku iti? Sichinathere ku Chibuku Khirisimasi isanafike n'komwe? Chaka chino chagula yunifomu ya mdzukulu wa agogo, inu mwalowa komiti. Mwaluza chiyani?"

Nawonso anali ndi dzina. Anasankha Kabulonga, ati ngati munthu ukusankha wekha, sankha kumene madzi salowa m'nyumba.

Tsono inu amene mumandifunsa m'basi ngati seweroli n'loyenera ana, yankho langa n'lakuti yambani mwaona kuti anawo ndi a yani, ndiponso kuti pa layini panu amene ali pansi panu ndani. Kwanga ndaletsa. Fulashi ija ndinaipukuta bwinobwino n'kukabwereketsa ana a alandilodi, amene ali ndi TV yaikulu, firiji yogwira ntchito, ndipo amadziwa pamene bambo awo amabisa makiyi. Galu uja nayenso amawagwedezera mchira. Ndawafotokozera za Robin Hood pang'onopang'ono, n'kuwafunsa mafunso kuti ndione ngati amva. Khomo loyamba kuchokera pakhomo pawo ndi langa, ndipo masiku ano ndikamadutsa pamaso pawo ndimavala shati yong'ambika paphewa ija n'kumayenda motsimphina pang'ono.