Njovu za alendo

Msonkhano wa mayiko ukatha ku Lilongwe, pamakhala tsiku lokaona malo. Alendo amakwera basi mpaka kunkhalango ya Kasungu, kulipira pachipata, n'kukhala padamu la Lifupa ndi makamera, kudikira njovu. Tsiku lina amabwerera atangojambula ndowe.

Ine ndi umbuli wangawu ndimangodabwa. Chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, alimi a m'malire mwa nkhalangoyi amaziona ulere, usiku, m'munda mwa chimanga momwe. Bwanji osawagoneka kumeneko alendowo? Aliyense apatsidwe chitini aziimba, aone njovu pafupi, mlimi naye apezeko tulo.

Tonse tikuvomereza kuti nkhaniyi ikufunika msonkhano wina, bola ukachitikire kunyanja.