Yozizira Ilipo, Achimwene

Okutobala akafika ku Amaramba, dzuwa limaswa mtengo. Nyanja imabwerera m'mbuyo, matemba amauma pathandala tsiku lisanapendeke, ndipo aliyense wolowa m'kagolosale amafunsa funso limodzi: "Yozizira ilipo?"

"Ilipo, achimwene." Mwini golosale amatsegula firiji mwaulemu, n'kupisa dzanja mpaka pansi penipeni, n'kutulutsa botolo la Frozy. Firijiyo inasiya kulira kalekale batire ya sola itafa, moti masiku ano imasunganso sopo, machesi ndi buku la ngongole. Komabe botolo likatuluka mufiriji ndi lozizira basi, palibe zokambirana. Wogula amaligunditsa patsaya, n'kugwedeza mutu, amvekere: "Eya, yayesetsa." Kunena kuti chakumwacho n'chofunda ndiye kumuyalutsa mnzako pagulu, pomwe mawa udzafuna akukongoze mchere.

Kuno n'kufupi ndi malire. Nyanja ya Amaramba imalumikizana ndi ya Chiuta, ndipo njanji yochokera ku Nacala yakhala ikudutsa m'boma la Mecanhelas, pa Entre Lagos kukalowa ku Nayuchi, kuyambira 1970. Tsono ogula ndi amitundumitundu. Wochokera ku Cuamba amaitanitsa gelada, wa ku Liwonde amafuna cold, agogo akunena zawo m'Chiyao. Onsewo amalandira botolo lofunda mofanana.

Chopweteka n'chakuti madzi ozizira enieni alipo, kuseri kwa chitseko, mumtsuko wadothi. Mtsuko umatuluka thukuta, chinyezicho chikamauma chimachotsa kutentha, ndipo madzi a m'kati amatsitsimula mpaka kumtima popanda waya kapena batire. Koma ndani angapatse mlamu wochokera kutauni madzi a mumtsuko okhaokha? Mayi wapakhomo amayamba watuma mwana kuti athamangire kugolosale. Mwanayo amabwerera pang'onopang'ono padzuwa, botolo lili m'khwapa, ndipo mlamu amalilandira ndi manja awiri n'kuyamikira kuzizira kwake.

Firiji yosanama ndi yakuchipatala, yosungira katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8. Imeneyo ngakhale amfumu saloledwa kuikamo Fanta.

Pa nsima nkhani imatembenuka. Bambo yemwe uja masana anamwa Frozy wofunda n'kuthokoza, madzulo akakhudza mtanda ndi chala amakwinya nkhope. "Amake mwana, nsimayi ndi ya liti?" Nsimayo yangophulidwa kumene, nthunzi ikali tolotolo, koma iye wachedwa kubawo ndipo akufuna pothawira. Nkhani zotere zimafika mpaka kwa ankhoswe. Tiyi nayenso ayenera kuwotcha lilime. Amamupempha wotentha kwambiri, kenako amatha theka la ola akumuuzira ndi kumutsanulira uku ndi uku m'makapu awiri kuti apole. Mkute, womwe ndi wozizira moona, amasiyira ana m'mawa.

Ndiye pali mnyamata wobwera kumene kuchokera ku Johannesburg. Iyeyu amayenda pamsika masana a Okutobala atavala jekete lochindikala, chipewa chaubweya ndi nsapato zofika m'akakolo. Thukuta lili kamukamu, koma ukamufunsa za moyo amayankha kuti ali cool. Anzake samuseka, poti aliyense akuyembekeza kudzabwereka jeketelo pa ukwati. Juni akafika, mphepo ya m'bandakucha ikamaluma asodzi m'mabwato, jekete lija limakhala litagulitsidwa kale kuti mwini wake apeze ya ulendo wobwerera. Apo amaothera moto limodzi ndi anzake, uku akuwauza kuti chisanu cha kuno n'chamasewera, chenicheni chili ku Joni ndi ku Lichinga.

Inu alendo, mukadzapatsidwa botolo ku Amaramba mudzalandire ndi kuthokoza. Mukatero mudzapemphe madzi akumwa, ndipo mudzanenetse kuti a mumtsuko.