Duwa Pabalaza, Mbaula Kukhitchini

Masiku ano nyumba ya munthu wotsogola ku Area 47 kapena ku Namiwawa siikhala yopanda duwa la mumphika pakona ya balaza. Mlendo asanakhale n'komwe pansi, eni nyumba amamulozera duwalo n'kumuuza kuti limayeretsa mpweya, ati anatero ndi a NASA. Opata agulanso makina oyeretsera mpweya, ndipo malo ake ndi pafupi ndi wailesi yakanema kuti aliyense awaone. Chonsecho mazenera ali chitsekere kuopa fumbi ndi maso a aneba, ndipo kukhitchini mbaula ya makala ikuwiritsa nyemba poti magetsi athima.

Za NASA si bodza ayi. Mu 1989 bungweli linaika zomera m'mabokosi omata mbali zonse, n'kupeza kuti zimayamwa mankhwala ena ouluka monga benzene ndi formaldehyde. Koma ndani amagona m'bokosi lomata? Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel ku America anawunikanso kafukufuku wa zaka zambiri, n'kupeza kuti pamafunika zomera 10 mpaka 1,000 pa sikweya mita imodzi kuti zifanane ndi ntchito ya mpweya wolowa ndi kutuluka m'nyumba. Ndiye kuti balaza lisanduke nkhalango ya Chikangawa, apongozi akabwera azichezera pakhonde.

Wina anena kuti makina aja ndiye amagwiradi ntchito. Inde, sefa yake ya HEPA imakola fumbi ndi tizidutswa ta utsi, ndipo odwala mphumu angapepukidwe. Koma mpweya wa carbon monoxide wochokera ku makala umadutsa sefayo bwinobwino. Ulibe fungo, ndipo ndi umene umapha anthu kutulo akalowetsa mbaula kuchipinda m'miyezi yozizira. Komanso makinawo amadya magetsi, omwe aja anathima n'kuyatsitsa mbaula. Pa nthawi imene akufunika kwambiri, amangokhala duu. Wina atinso duwa limasangalatsa mtima. Palibe akutsutsa, lithirireni ndithu, koma musalipatse udindo wa dokotala.

Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lapansi. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi: kuphikira panja, kutsegula mazenera, kusiya kutentha majumbo padzala la kuseri kwa nyumba. Vuto lake ndi limodzi basi: zenera lotsegula palibe mlendo amene amafunsa kuti munaligula zingati.