Mphesa za ku Stellenbosch ndi anyamata a ku Nselema

Anyamata a ku Nselema akakwera basi ya ku Joni, ena satsikira ku Johannesburg. Amapitirira mpaka ku Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, kukagwira ntchito m'minda ya mphesa. Ndinakagonako masiku ochepa kwa anzanga a kwathu.

Tawuniyi ndi yakale ndithu. Anaikhazikitsa Simon van der Stel mu 1679, ndipo ndi komweko komwe Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa mu 1925 n'kupeza mtundu watsopano wotchedwa Pinotage. Alendo amakhamukirako kukalawa vinyo. Kalawidwe kake ndiye kodabwitsa: munthu alipira ndalama zake, azunguza tambula, anunkhiza, apsontha pang'ono, achukucha m'kamwa, kenaka n'kulavulira m'kandowa. Mukachite zimenezo pakhomo pa mayi otcheza kachasu, muone ngati mudzapondeponso.

Tsono anzangawo ndi Asilamu. Amadulira mipesa m'nyengo yozizira, amathyola zipatso mu February dzuwa likuswa mtengo, koma za kukoma kwa vinyo amangomva kwa mabwana awo. Madzulo tinkadya nsima ya ufa wam'shopu ndi matemba a ku Chilwa obwera pa basi, tiyi wa shuga wambiri pambali, nkhani zili za mvula ya ku Ntaja.

Ndinafunsa mmodzi kuti vinyo wabwino amamuzindikira bwanji. Iye akutsuka poto anati: "Achimwene, ife timangoyang'ana mtengo wa botolo. Ukapitirira thumba la feteleza, ameneyo ndiye wabwino."