Mapiritsi anga ndinawataya ndekha m'chimbudzi

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ku Ndirande. Mowa ndinauzolowera nthawi ya masacheti, ndipo boma litayamba kuwaletsa mu 2015 ndinangosamukira ku kachasu. Ndinafika pogulitsa nsalu za eni ake, chitenje cha chinkhoswe ngakhale yunifolomu ya mwana wasukulu. Pamwamba pa zonsezi ndili ndi khunyu kuyambira ubwana, ndipo kuchipatala ankandichenjeza kuti mowa ndi mapiritsi a phenobarbitone siziyendera limodzi.

Kasitomala wina ndiye ananditengera ku gulu lomwe linkakumana m'galaja ya nyumba ina. Anandilandira ndi tiyi ndi mandasi. Amuna akuluakulu ankafotokoza poyera za kugona m'ngalande ndi kuba ndalama za fetereza, popanda wowaseka. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa aka kanali koyamba kukhala pakati pa anthu odziwa mmene manja amanjenjemerera m'mawa. Mowa ndinasiyadi, ndipo zimenezi sindingawalande.

Mtsogoleri wathu tonse tinkamutchula kuti Bambo. Ankati njira yawo inachokera ku America, kwa a Alcoholics Anonymous. Malamulo ankabwera limodzilimodzi. Poyamba kunali kuwaimbira foni m'mawa uliwonse. Kenako foniyo ankaitenga n'kumawerenga mauthenga. Kenako panabwera "chothokoza", gawo la ndalama ya chovala chilichonse chomwe ndasoka. Aliyense anapatsidwa kope lolembamo zoipa zonse zomwe anachitapo, ndipo makopewo ankasungidwa m'kabati ya Bambo. Wofunsa funso ankamukhazika pampando wapakati, anzake n'kumamukalipira mpaka agwetse misozi. Nanenso ndinakalipirapo mnyamata wina yemwe anangopempha kukaika maliro a agogo ake ku Mulanje. Yankho la chilichonse linali limodzi: "Amene akulankhulayo si iwe, ndi mowa. Ukatuluka muno, ukamwa n'kufa."

Mawu amenewa amamanga kuposa chingwe, chifukwa theka lake ndi loona. Chidakwa chimadziwa kuti mutu wake unachinamizapo kambirimbiri, ndiye wina akachiuza kuti chisadzikhulupirirenso chimavomera msanga. Alamu anga atandiuza kuti gulu lolanda munthu foni si la bwino, ndinakawaneneza kwa Bambo. Mayi akunyumba, omwe anapirira nane zaka zonse za kuledzera, ndinayamba kuwatcha "munthu wakunja".

Kenako Bambo anaona mapiritsi m'thumba la malaya anga. "Mwana wanga," anatero, "womwa izi sanasiye. Wangosintha botolo." Anandiuza kuti masiku anga osamwa ayambe kuwerengedwa tsiku lomwe ndidzawataye. Usiku womwewo ndinapita nawo kuchimbudzi. M'mawa mayi atandifunsa kuti, "Abambo, mankhwala mwamwa?" ndinayankha kuti eya.

Khunyu linandigwira pakhonde, ndikusita kolala ya malaya ndi simbi yamakala. Sindikumbuka kugwako. Anzanga amati simbi inatseguka, makala n'kukhuthukira pamkono wamanja, ndipo ena anachedwa kundikoka poopa kuti thovu lingawapatsire matenda, pomwe khunyu silipatsirana. Khungu kuyambira pachigongono kufika padzanja linakwinyika, ndipo zala ziwiri sizitambasuka mpaka lero. Ulusi amandilowetsera mu singano ndi mwana wanga.

Namwino wonditsuka balalo ndiye anandifunsa kuti, "Anakuuzani ndani zosiya mankhwala?" Anandifotokozera kuti kusiya phenobarbitone mwadzidzidzi kumadzutsa khunyu lamphamvu lomwe limatha kupha. Bambo kuchipatala sanabwere. Anatumiza uthenga wakuti ndinagwa chifukwa ndinabisa tchimo lina m'kope.

Ndili chigonere, mphwanga anandiwerengera pafoni za bungwe lomwe Bambo ankalitchula lija. Linayambira ku Akron, m'chigawo cha Ohio, mu 1935, pamene Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, onse zidakwa, anayamba kuthandizana. Mfundo zake zimanena kuti atsogoleri ndi otumikira chabe, salamulira. Kuti palibe ndalama yolowera. Kuti chofunika n'kufuna kusiya mowa basi. Lili ndi kabuku kochenjeza mamembala kuti asadziyese madokotala pa nkhani ya mankhwala a anzawo. Zonsezi m'galaja muja sitinazimvepo.

Anandiwerengeranso za Charles Dederich, yemwe anachoka m'bungwe lomwelo n'kuyambitsa gulu la Synanon ku California mu 1958. Nawonso anali ndi mwambo wozungulira munthu n'kumamukalipira. Patapita zaka anafika pometa anthu mipala, kukakamiza amuna kutseketsa kubereka ndi kupasula mabanja, ndipo mu 1978 mamembala ena anaika njoka yaululu m'bokosi la makalata la loya Paul Morantz, yemwe anawagonjetsa kukhoti. Njokayo inamuluma, koma anapulumuka. Nditamva za mwambo wawowo ndinachita mantha, poti mpando wapakati uja ndinaukhalapo, ndinakhazikaponso ena.

Ku gulu la Bambo ndinachokako, koma ku mowa sindinabwerereko. Timakumana amuna angapo Lamlungu masana kuseri kwa tchalitchi, wotsogolera timasinthana, ndipo wodandaula za m'thupi timamuperekeza kuchipatala. Kope langa likadali m'kabati muja, ndipo nkhani zina za m'menemo ndazimva kale zikukambidwa mumsika.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndi mnzanga wokonza nsapato, yemwe ndinamukokera ndekha ku gulu la Bambo lija. Amamwa ma ARV. Foni yanga sayankha, poti tsopano wakunja ndine. Sabata yatha ndinapita kwa mchemwali wake ku Chilomoni kukamupempha kuti aziwerenga mapiritsi otsala m'botolo.