Mkamwini walowa komiti ya malo

Tsiku lomwe agulupu analengeza kuti pakufunika anthu olowa mu komiti yoona za malo, mlembi wanu anakweza dzanja iwo asanatsirize n'chiganizo chomwe. Musaganize kuti mkuluyu amakonda chitukuko kuposa anzake. Khutu lake linamva "komiti", koma mutu unamva "alawansi". M'maso mwake munabwera holo yofunda pa boma la Dedza, mpunga wa nkhuku masana ndi kaenivelopu kosainira poweruka.

Anasankhidwadi. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limati komiti yotere wapampando wake ndi agulupu, ndipo pa anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Abambo ofuna anali atatu okha, ndiye mlembi wanu anapambana chisankho choyamba pa moyo wake popanda wopikisana naye. Madzulo ake anauza mayi a kunyumba kuti ayambe kumutchula "a komiti". Iwo anangomupatsa beseni la kachewere kuti asende.

Msonkhano woyamba unachitikira pansi pa mtengo, mu Julaye. Amene sanagonepo ku Dedza sangamve chisoni chake. Boma lenilenilo lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza likaphimbidwa ndi chifunga, mphepo imadutsa jekete ngati mwavala neti ya udzudzu. Mlembi wanu anakhala pa njerwa maola atatu, cholembera chikukanika kugwirika. Pomaliza anafunsa mwaulemu ngati pali pepala losainira. Analipo ndithu: la mayina a anthu obwera. Agulupu anathokoza onse chifukwa cha mtima wodzipereka, ndipo ndi pamene mkuluyu anazindikira tanthauzo la mawuwo.

Komabe ntchitoyo inamukoma, poti inabwera ndi chizungu. Mlangizi wina wochokera ku khonsolo anafotokoza kuti lamulo lakale la mapulani, la 1988, linkagwira kwambiri m'matauni, pomwe latsopano la Physical Planning Act la 2016 linasandutsa Malawi yense kukhala dera loyenera mapulani. Ndiye kuti mudzi nawo uzidziwa kuti apa n'pomanga nyumba, apa n'polima, apa n'podyetsa ziweto, apa mpata wa msewu. Mlembi wanu anagwedeza mutu kwambiri kuposa onse. Anaimirira n'kunena kuti dziko lino likusowa dongosolo. Anakumbutsa anthu za Operation Dongosolo ya 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mavenda atachotsedwa m'misewu ya m'mizinda. Sanatchule kuti mmodzi mwa othamangitsidwa ku Lilongwe chaka chimenecho, thumba la masokosi lili kumutu, anali iye.

Kenako komiti inayamba kuyenda m'midzi kuona malire, ndipo apa ndi pamene mapu anakumana ndi anthu. Malire a kwathu kuno salembedwa papepala. Amakhala chulu, khonje, nkhadze, kapena mtengo wa masuku womwe unadulidwa kale koma aliyense akulumbira kuti akudziwa pomwe unali. Gogo wina anatsogolera komiti yonse mpaka pakati pa munda wa mnansi wake, n'kuloza pansi ndi ndodo kuti mtengowo unali pomwepo. Mnansiyo anati ayi, unali uko, pafupi ndi khonde la gogoyo. Mtengo umodzi, zitsa ziwiri, ndipo palibe chooneka. Mlembi wanu anaphunziranso kuti malire a munda amayenda: khasu limadya mzere umodzi dzinja lililonse, mwakachetechete, ndipo pakatha zaka khumi munthu wakolola kachewere wa matumba angapo pa dothi la mlamu wake.

Atafika pa nkhalango ya kumanda, onse anangoti zii. Mlembi wanu, pofuna kuonetsa khama, anati alowe ayeze kukula kwake. Agulupu anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa ngati anameta. Ku Dedza, kwawo kwa gule wamkulu, funso limenelo siliyankhidwa mwachibwana pafupi ndi dambwe. Malowo anawajambula pamapu ali chapatali, mwa kuyerekeza, ndipo palibe anatsutsa.

Nkhani inafika pa msewu. Mlangizi uja ananena kuti m'mbali mwa msewu waukulu ngati M1 simuyenera kumangidwa kanthu mpaka mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali zonse. Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Linthipe ndi Chimbiya akudziwa momwe lamuloli limalemekezedwera: tomato, kabichi ndi ndowa za kachewere zimayalidwa pafupi mwakuti kondakitala amagula osatsika. Kupitirira Dedza kulowera ku Lizulu zimavutirapo, poti msewuwo umatsata malire a dziko, ndipo tsidya linalo ndi Mozambique, komwe komiti ya mlembi wanu ilibe mawu ngakhale pa khola la nkhunda.

Apa mkuluyu anatentheka. Anati zomangidwa zonse zolowa mumsewu zilembedwe X wofiira, osayang'ana nkhope. Anthu anawomba m'manja. Mayi wina wa mu komiti, amene amagulitsa mandasi ndipo saiwala ngongole, anapempha kuti ayambire pa okala ija ya malata atsopano yoyandikana ndi depoti ya makabaza.

Okalayo ndi ya mlembi wanu.

Tepi kunalibe, ndiye anagwirizana zoyeza ndi mapazi, phazi lalikulu limodzi kukhala mita. Mlembi wanu anadzipereka kuyeza yekha. Anayamba pa mzere woyera wapakati, lole ikumuimbira belu, n'kumaponda timapazi ta mkwatibwi wolowa m'tchalitchi. Anapeza 31. Mayi wa mandasi anayezanso, chitenje atachikokera m'mwamba pang'ono, n'kupeza 17. Agulupu, anthu okonda mtendere, anati nkhaniyi aisiye kaye, ikambidwe msonkhano wotsatira.

Usiku umenewo mlembi wanu sanagone. Anakonza mfundo zonena kuti okalayo ndi ya pa malo a makolo, ndipo makolo anafika msewu usanabwere. M'mawa anayeserera mawuwo pamaso pa mayi a kunyumba, iwo akupeta ufa.

"Makolo ake a ndani, abambo?" anafunsa osadzutsa mutu. "Inu kuno munabwera ndi chikwama chimodzi ndi wailesi."

Zoona zake n'zimenezo. Mlembi wanu ndi mkamwini. Malo a okala, munda, ngakhale pomwe pali chimbudzi, zonse ndi za mbumba ya akazi ake, ndipo mwini mawu ndi atsibweni awo. Kwa miyezi iwiri munthu wopanda ngakhale mzere umodzi wa dothi wakhala akugamula malire a eni mudzi, iwo akumuyang'ana mwaulemu ngati mwana amene wavala nsapato za bambo ake.

Atsibweniwo anabwera Lamulungu masana. Anamva nkhani yonse, anapita kukaona okalayo, anaizungulira kawiri. Kenako anati poti a komiti anena okha kuti malowo ndi a msewu, iwo sangalimbane ndi boma, koma malata aja asaonongeke: azulidwe bwinobwino akafolere khola lawo la nkhumba. Anapemphanso kuti akamwini abwere ndi hamala yawo.

Msonkhano wotsatira uli Lachinayi, pansi pa mtengo womwe uja. Mlembi wanu watumiza kale uthenga kwa agulupu kuti akumva chimfine.